Nsanja Yogwira Netiweki

Mwambi wa pusi amene anagwa chagada mumaudziwa nonse. Ena munauloweza kusukulu kuti mukhoze mayeso, mayeso atatha n'kuuiwala. Koma wofunsa kuti pusiyo anagwera pati, nanga anamuona ndani, palibe. Anthu a mabuku akuluakulu adzakuuzani kuti chiyambi chake sichidziwika. Asiyeni. Sichidziwika kwa iwowo, chifukwa ku Kachinjo sanafikeko. Galimoto zawo sizikwera kumeneko.

Kachinjo ndi mudzi wa patsinde pa phiri la Chikuse. M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Yotamu. Kwawo kunali ku Nambuma, koma atakwatira Velenasi, mwana wa aNachisale, anamanga nyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi akewo monga mwa mwambo. Anakhala pamenepo zaka zitatu. Mwana wamkazi anabadwa, n'kumutcha Ndaziona.

Ukamwini si ndende, komanso si kwanu. Ukakumana ndi apongozi panjira umapatukira kutchire, ngakhale kutchireko kuli chitedze. Sudya nawo pamodzi, suwayang'ana kumaso, ndipo iwonso sangakudzudzule maso ndi maso. Akakhala ndi mawu amadzera mwa mkazi wako. Apo ayi amauza chiweto, iwe uli poteropo ukumva. ANachisale ankachita kuposa pamenepa. Ankaima pabwalo mmawa n'kunena mokweza kuti, "Galu ameneyu kugona mpaka dzuwa kufika apa!" Chonsecho galu anapita kale kudambo. Yotamu ankangodzuka n'kutenga khasu.

Chimene Yotamu ankafuna chinali chimodzi: chitengwa. Ankafuna kuti amulole kutenga mkazi wake ndi mwana, apite nawo ku Nambuma, kumene munda wa malemu bambo ake unkangomera tsekera, asuweni ake akuuyang'ana ndi diso la njala. Nkhaniyi anaitula kwa a Dafuleni, mlongo wawo wa aNachisale, amene anali mwinimbumba. Patatha sabata a Dafuleni anamuitana pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini, ndakamba nawo mlongo wanga," anatero a Dafuleni. "Sakukana ayi. Koma akuti kuli munda wa kuphiri uja."

"Ndikumva, malume."

"Mmenemo amadzalamo chimanga cha makolo, mbewu imene anawasiyira amayi athu. N'cholimba, anankafumbwe amachita kuthyoka nacho mano. Chimwalirireni alamu anga palibe wolondera, ndiye apusi akhala akugawana nafe. Mbewu yatsala yochepa. Mukalondere chaka chino. Chimangacho chikalowa m'nkhokwe, mkazi ndi wanu, mudzapite naye."

Yotamu anaomba m'manja mwaulemu. Mumtima anati ntchito yake yomweyi? Kukhala pansi n'kumayang'ana?

Chimanga chitamasula ngaiyaye, anakamanga nsanja pakati pa mundawo. Anaimika mitengo inayi yaitali, n'kuyala timitengo pamwamba, n'kufolera kadenga ka udzu. Velenasi anamubweretsera zida zimene ankagwiritsa ntchito malemu bambo ake: chitini chakale chomenya ndi ndodo, legeni, ndi thumba la miyala ya kumtsinje.

"Bambo a Ndaziona, mundimvetse," anatero Velenasi ali pansi pa nsanja, mwana ali kumbuyo. "Ababa ankati pusi saopa munthu. Amaopa maso. Amaika mnzawo pamwala uwo kuti azikuyang'anani. Mutu wanu ukamatembenuka, satsika. Ukangowerama, mwawaitana."

"Mayi a Ndaziona, ine ndingapusitsidwe ndi kanyama kopanda ndi buluku lomwe?"

"Ndangonena."

Tsopano Yotamu anali ndi foni yopalasa ija, imene anamutumizira mkulu wake wa ku Joni. Ku Kachinjo foniyo inali ngati galasi lodziyang'anira basi, chifukwa phiri limatchinga netiweki. Wofuna kuimba ankakakwera pachulu cha kumjigo, n'kumakuwa mkono uli m'mwamba ngati akulumbira. Koma tsiku loyamba Yotamu atangokhala pansanja paja, foni inayamba kulira m'thumba osalekeza, ngati anapiye amene atayana ndi make. Mauthenga a milungu itatu analowa nthawi imodzi. Nsanja ija inali itagwira netiweki yoposa ya pachulu.

Yotamu anaseka yekha. Anati Mulungu sapatsa ndi dzanja limodzi.

Kuyambira tsiku limenelo, palibe mkamwini m'mudzi monse amene ankalawira kumunda ngati iyeyo. Kukangoyera, uyo wanyamuka, kasola kotchajira kali kukhwapa. ANachisale anaona, ndipo anauza nkhuku zawo akuzimwazira gaga kuti, "Tambala wa chaka chino ndiye wolawira. Tidzamusunga ameneyu, sitidzamudya." Yotamu anamva, mtima n'kukhala m'malo.

Masiku oyamba ankalondadi. Ankati akawerenga uthenga umodzi, adzutse mutu, amenye chitini, aponye mwala kumwala kuja. Koma foni ili ngati mtedza wokazinga, sutola kamodzi. Panali gulu la kutchalitchi. Panali gulu la anthu a ku Nambuma. Panali gulu la mpira, gulu la amene anaphunzira nawo pulayimale, gulu la alimi, ndi lina limene sankadziwa n'komwe kuti analowetsedwamo ndi ndani, mmene munkangobwera zithunzi za ngozi ndi maliro a anthu osawadziwa. Kuphatikiza ndi ena, onse pamodzi anali magulu khumi ndi limodzi. Akamaliza kuwerenga gulu lomaliza, loyamba lija linali litadzazanso. Chala chinkangopalasa ngati nkhuku padzala.

Madzulo akabwerera kunyumba ankakhala pakhonde n'kumaonetsa mkazi wake zimene wasunga.

"Taonani munthu uyu akuvina ndi mbuzi. Ichi chakoma! Dikirani, dikirani, musachoke, pali china. Uyu akuti madzi a mandimu amachiza nyamakazi. Ichinso chakoma!"

"Nanga choyamba chija chatha bwanji?" ankafunsa Velenasi.

"Aaa, sindinamalize. Koma taonani ichi."

Pakati pa khonde lawo ndi khonde la aNachisale panali mpanda wa udzu wokha. Mawu sapempha chilolezo podutsa mpanda.

Musaganize kuti Yotamu anali munthu waulesi kapena wosasamala. Munda uja ankaufuna. Tsiku lina anaona apusi awiri m'mbali mwa munda, ndipo anachita chimene anthu a masiku ano amachita: anafunsa pagulu la alimi kuti pusi amathamangitsidwa bwanji. Pasanathe ola anali atalandira mayankho makumi anayi.

Wina anati asinje tsabola, asakanize ndi ndowe, azifukiza kumene kukuchokera mphepo. Wina anati tsabola n'zachikale, aimike chidole chovala malaya ofiira. Wina anati chidole apusi amachizolowera, amangirire mapepala onyezimira pa chingwe. Wina, amene ankalemba Chizungu chokhachokha ndipo zikuoneka kuti pusi anangomuona pachithunzi, anati aziwaliza kulira kwa kambuku pafoni. Kenaka awiri anayamba kutukwanizana za mtengo wa feteleza, ndipo Yotamu anawerenga ndewu yonseyo mpaka pamapeto.

Lolemba anasinja tsabola, koma ndowe sanakatenge, chifukwa ali mkati mosinja anaona kuti za chidole n'zabwino koposa. Lachiwiri anaimika chidole, mutu sanachiike. Lachitatu anamanga chingwe mbali imodzi ya munda, mapepala n'kumuthera. Lachinayi analiza kambuku. Apusi anatchera makutu pang'ono, n'kuona kuti kambukuyo akulira ali m'manja mwa munthu wowerama, basi n'kupitiriza zawo. Chitini chija chinagona pakona pa nsanja, akangaude n'kumangamo.

Pusi wa pamwala uja sanaphunzire sukulu, koma ntchito yake ankaidziwa. Iye anali ndi gulu limodzi lokha, ndipo ankayang'ana chinthu chimodzi chokha: mutu wa Yotamu.

Chimanga chitafika pa dowe, Velenasi anabwera masana ena ndi chakudya. Sanadzere njira ya masiku onse, anadzera kumtunda. Atafika pansi pa nsanja anaponya pansi zitsononkho zisanu zolumidwalumidwa.

"Bambo a Ndaziona, izi wadya ndani?"

Yotamu anasuzumira pansi, chala chikadali pafoni. "Zam'mbali zimenezo. Ngakhale malemu bambo anu sakanaletsa zam'mbali."

"Mizere itatu yatha kumtundaku."

"Ndikudziwa. Ndikufufuza njira yabwino. Pali munthu wina pano akuti..."

"Njira yabwino ndi iyo ili ndi akangaude pakonapo. Tandipatsani foniyo ndipite nayo kunyumba, mudzaipeza madzulo."

Yotamu anaibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. "Nanga achimwene akaimba kuchokera ku Joni? Nanga kwathu kukagwa zovuta? Mukufuna ndidzamve maliro ataika kale?"

"Kwanuko mukufuna kupitako, kapena mukufuna kuzingomva za kumeneko?"

Yotamu anaweramanso. Foni inali italira, ndipo maso ake anali atapita kale. Velenasi anatola mbale za dzulo n'kubwerera. Kwa amayi ake sananene kanthu, chifukwa nayenso ku Nambuma ankakufuna.

Patapita masiku anayi, Lachisanu mmawa, a Dafuleni anafika kwa mlongo wawo. Anati apite akaone munda, kuti ngati zili bwino atumize mawu ku Nambuma anthu ayambe kukonzekera. Ananyamuka atatu: a Dafuleni patsogolo, aNachisale pakati, Velenasi pambuyo.

Mmawa umenewo Yotamu anatsegula foni ndi cholinga chabwino. Ankafuna kungoona ngati kubwere mvula. Asanafike pa za mvulazo anaona kuti pagulu la mpira wina wanyoza timu yake, ndiye anayankha. Akudikira kuti winayo abwezere, anaona chithunzi cha basi yogubuduzika, n'kuyamba kufufuza kuti yagubuduzikira kuti. Asanapeze, pagulu la kutchalitchi panabwera nkhani ya yunifolomu ya kwaya. Kenaka wina pagulu la alimi anatumiza kanema wa mlimi wa dziko lakutali amene anapanga makina othamangitsa apusi. Yotamu anakhala bwinobwino, miyendo ili lende m'mphepete mwa nsanja, n'kuyandikitsa foni kumaso. Makinawo ankazungulira okha n'kumaomba chitsulo. Apusi a mukanemayo ankathawa mochititsa kaso.

"Eee, ichi ndiye chakoma," anatero yekha.

Atatu aja atatulukira pa mpata wa munda anaima chilili. M'mundamo munali apusi oposa makumi atatu. Sankathamanga ayi. Ankayenda modekha ngati anthu amene alipira kale. Mapesi anali atagonagona, makoko ali mbwee paliponse. Pusi amathyola chimanga, n'kuluma kawiri, n'kuona china, n'kutaya choyamba chija. Ndi mmene amaonongera: chimene amadya n'chochepa, chimene amataya ndiye munda. Anyamata awo ena ankasewera pachidole chopanda mutu chija. Wamkazi wina wa mwana pamimba anakhala pansi penipeni pa nsanja, pamthunzi, akusenda dowe. Ngakhale mlonda wa pamwala uja anali atatsika kudzadya nawo. Anaona kuti palibenso choti n'kulondera.

Pamwamba pa zonsezi panali Yotamu, mutu uli weramu, akumwetulira.

"Bambo a Ndaziona!" anakuwa Velenasi.

Yotamu anadzidzimuka. Anaona apusi, anaona malume, anaona apongozi, zonse nthawi imodzi. Dzanja lamanzere linathamangira legeni. Foni inapulumuka m'dzanja lamanja, ndiye anasiya legeni kuti awakhe foni. Ali mkati mowakha anakumbukira chitini, n'kutembenuka kuti achimenye. Phazi linaponda pamene panalibe kamtengo. Anayesa kugwira mzati, koma m'manja munali foni, ndipo dzanja linakana kuitaya. Anagwa chagada pa mapesi, phii! Chitini chinamutsatira n'kumugwera pamimba. Aka kanali koyamba kuti chilire m'milungu itatu.

Apusi anabalalika. Koma panali mmodzi wamkulu amene sanafune kupita chimanjamanja. Anali ndi chimanga kukamwa, china kukhwapa, china m'dzanja. Anakwera nazo mumtengo wa gwafa wa m'malire, ndipo ali m'mwamba anaona gwafa wakupsa panthambi ina. Anatambasula dzanja lokhalo limene linagwira mtengo. Nayenso anagwa chagada, miyendo m'mwamba, chimanga uko, gwafa uko. Anadzuka n'kuthawira kuphiri wopanda kanthu.

Velenasi anathamangira mwamuna wake. Sanathyoke paliponse, mpweya wokha ndi umene unamuthawa. Anagona pomwepo akuyang'ana kumwamba, foni ili m'manja, makina a mlimi wakutali uja akuombabe chitsulo.

ANachisale anayenda pang'onopang'ono m'mizere. Anatola chimanga chimodzi cholumidwa, n'kuchitembenuza, n'kuchiika pansi bwinobwino ngati chingamve kuwawa. Mawu anali nawo ambiri. Koma mkamwini sadzudzulidwa pamaso, ngakhale atagona chagada m'munda mwako. Nkhuku panalibe, galu anatsala kumudzi. Ndiye anafulatira nsanja, n'kuyang'ana kumtengo wa gwafa kumene pusi uja anagwera, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Mwamuona mnzanuyo, achimwene? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi wagwa chagada."

A Dafuleni anatsokomola, n'kuyang'ana kumbali. Yotamu anatseka maso. Mawu ake omwe a pakhonde aja anawazindikira.

Zotsala m'mundamo anakolola dengu limodzi ndi theka. Nkhokwe ya mbewu sinafune n'kufolera komwe. A Dafuleni anamuitananso pansi pa mango paja.

"Akamwini, msana uli bwanji?"

"Ukuchira, malume."

"Chabwino. Paja tinati chimanga chikalowa m'nkhokwe. Chalowa m'dengu. Ndiye inu mukuona bwanji?"

"Ndamva, malume."

"Mlongo wanga sanakuthamangitseni. Akuti mbewu yatsalayo ikwana theka la munda. Mukaibweza pamene inali, tidzakambirananso."

Nkhani ya kugwa kuja inali itamveka mudzi wonse tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Kumjigo, mayi akaona mnzake wasiya ndowa ikusefukira chifukwa cha nkhani, ankati, "Ichi chakoma!" winayo n'kumalizitsa. Dzina la Yotamu sankalitchula, chifukwa anali mkamwini wa eni ake. Ankatchula pusi. N'chifukwa chake mpaka lero mwambiwu umanena za pusi, chonsecho amene anayamba kugwa anali munthu.

Chaka chotsatira Yotamu anakweranso pansanja. Foni sanaigulitse, sanaiponye m'chimbudzi, ndipo sananene kuti ndi ya Satana monga amachitira ena akapsa nayo. Anangotuluka m'magulu asanu ndi anayi, n'kutsala ndi la ku Nambuma ndi la kutchalitchi. Mmawa ankaisiya pa msomali kunyumba. Velenasi ankaibweretsa masana pamodzi ndi chakudya, nthawi imene dzuwa lili paliwombo ndipo apusi ali pamthunzi kuphiri. Yotamu ankawerenga akudya, Velenasi akuyang'ana munda. Mbale zikatha, foni inkabwerera m'dengu limodzi ndi mbalezo.

Masiku oyamba dzanja linkangopita m'thumba lopanda kanthu. Tsiku linkatalika ngati ulaliki wa mlendo. Koma anapeza kuti timu yake inkagonja bwinobwino popanda iye kuyankhapo, ndipo anthu osawadziwa aja ankaikidwa m'manda ngakhale iye sanaone zithunzi. Anayambanso kuona zimene zinali pamaso pake. Anadziwa kuti apusi amatsika kawiri, mame asanaume ndiponso dzuwa likapendeka. Anadziwa njira yawo ya pakati pa miyala. Iye ndi mlonda wa pamwala ankangoyang'anizana tsiku lonse ngati anthu olimbirana malire.

Zinamutengera zaka ziwiri kuti mbewu ibwerere pamene inali. Chitengwa anamupatsa. Koma atafika ku Nambuma anapeza asuweni ake atalima kale theka la munda wa bambo ake, n'kudzalamo mitengo ya bulugamu m'malire. Nkhani imeneyi inakambidwa pagulu la ku Nambuma chaka choyamba chija. Uthenga wake unalowa m'foni mwake, koma unakwiririka pansi pa mbuzi zovina ndi mabasi ogubuduzika. Sanauwerenge.

Ndiye akulu akamati, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," sakunena kuti zinthuzo sizokoma ayi. Gwafa anali wakupsadi. Chimanga chinali chokomadi. Vuto n'lakuti manja ndi awiri, ndipo limodzi liyenera kugwira mtengo. Maso nawonso ndi awiri koma amayang'ana kumodzi. Ukawapereka kwa aliyense amene wakuitana, pa munda wako sipatsala wolondera. Inu ana a masiku ano mumayenda ndi mtengo wa gwafa m'thumba, wobala usana wonse, ndipo amene anaudzala sadzakuuzani kuti mwakhuta. Musanatambasule dzanja, yambani mwaona chimene mwagwira kale, ndi chimene chikugwirani inuyo kuti musagwe. Ndipo mukamva munthu wamkulu akukalipira pusi, pusi palibe, musatembenuke kufunafuna pusiyo. Ikani foni pansi.